Mayi Courage ndi Ngolo Yake: Mmene Brecht Analimbanirana ndi Misozi ya Oonera

Sabata ino tichoke kaye pa ndakatulo, tilowe m'holo ya zisudzo.

Tiyerekeze kuti mwalemba sewero, anyamata ndi atsikana alisewera, holo yonse yagwidwa chisoni mpaka azimayi akupukuta misozi ndi zitenje. Inu mungamve bwanji? Ambirife tinganene kuti basi, ntchito yagwirika. Ndi mmene tinakulira: sewero labwino ndi lija anthu amatuluka akunena kuti landikhudza. Ndiye tamvani za munthu wina amene sewero lake linakhudzadi anthu, nyuzipepala n'kuliyamikira, iye n'kukhumudwa, n'kutenga cholembera kuyamba kulikonza kuti chisonicho chichepe.

Munthuyo ndi Bertolt Brecht, mlembi wa ku Germany, amene anabadwira ku Augsburg mu 1898 n'kumwalirira ku Berlin mu 1956. Sewerolo ndi Mutter Courage und ihre Kinder, limene ena mwa inu mumalidziwa ndi dzina la Chingerezi loti Mother Courage and Her Children. Analilemba mu 1939 ali ku Sweden monga wothawa kwawo, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ikuyamba kumene. Linaseweredwa koyamba pa 19 Epulo 1941 ku Zurich, m'dziko la Switzerland, amodzi mwa malo ochepa olankhula Chijeremani kumene dzanja la Hitler silinafike. Mwini wake kunalibe. Anali ku Finland, akudikira ziphaso zopitira ku America.

Nkhani yake ili motere. Anna Fierling ndi mayi wa geni. Ali ndi ngolo yodzaza katundu, mowa, nsapato, malaya, malamba, ndipo amatsatira asilikali kulikonse kumene alowera pa nkhondo ya zaka 30 ija imene inasakaza Europe kuyambira 1618 mpaka 1648, Akatolika ndi Apulotesitanti akuphana. Dzina loti Courage, kutanthauza wolimba mtima, analipata atadutsa ndi ngolo yake pakati pa mizinga ku Riga. Koma mukafufuza chomwe chinamulimbitsa mtima, mupeza kuti m'ngolomo munali malofu 50 a buledi amene anayamba kuchita nkhungu, ndiye ankaopa kuluza. Ali ndi ana atatu, ndipo nkhondo imene ikumudyetsayo imawatenga mmodzimmodzi. Eilif amutengera ku usilikali, kenako amuphera mlandu wolanda ndi kupha alimi pa nthawi ya mtendere, chinthu chomwechomwecho chimene akuluakulu ake anamuyamikira nacho pa nthawi ya nkhondo. Wachiwiri, Schweizerkas, ndi wosunga ndalama za gulu la asilikali, ndipo adani amugwira. Moyo wake ungathe kuomboledwa ndi ziphuphu za ndalama 200, koma kuti ndalamayo ipezeke ngolo iyenera kupita. Mayi uja ayamba kunenerera, akuti bwanji 120. Pomwe akuvomera 200, ng'oma zamveka kale, mwana waomberedwa. Amubweretsera mtembo kuti aone ngati akumudziwa, iye apukusa mutu kukana, chifukwa akavomera naye aphedwa. Wotsiriza ndi Kattrin, mtsikana wosalankhula, amene akwera padenga usiku n'kumaimba ng'oma kuti adzutse anthu a mumzinda wa Halle adani asanawagwere. Amuombera padengapo. Pa nthawiyo mayi ake ali m'tauni, akugula katundu motchipa kwa eni masitolo amene akuthawa. Sewero limatha mayiyo akukoka ngolo yekha, kuthamangira asilikali kuti geni isaime.

Ku Zurich gawo la mayiyu anasewera Therese Giehse, katswiri weniweni. Oonera anamumvera chisoni kwambiri, ndipo olemba nyuzipepala anatamanda mphamvu ya umayi, mayi wopirira amene tsoka lamulanda ana. Brecht atamva zimenezi anadziwa kuti chinachake chalakwika. Iye analemba za munthu amene akuganiza kuti angadye nawo za nkhondo popanda kulipira, ndipo nthawi iliyonse mwana akamatayika iye amakhala ali pa malonda. Oonera anaona tsoka. Iye ankafuna aone zosankha.

Kuti mumvetse kukhumudwa kumeneku, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Zaka zoposa 2,000 zapitazo Aristotle wa ku Greece analemba kuti sewero lachisoni limadzutsa chifundo ndi mantha mwa woonera, ndipo potero limamutsuka mtima. Azungu anayenda ndi ganizo limeneli kwa nthawi yaitali, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1800 anapeza njira zolilimbitsira. Mu 1876 Richard Wagner anatsegula holo yake ku Bayreuth, mmene ankazimitsa nyali za kwa oonera n'kubisa oimba m'dzenje kunsi kwa siteji, kuti nyimbo zizimveka ngati zikungochokera m'malere. Ku Paris, André Antoine mu 1888 anapachika nyama yeniyeni pa siteji kuti butchala ioneke butchala. Ochita zisudzo ankaphunzitsidwa kuganiza kuti pakati pa iwo ndi oonera pali khoma lachinayi, losaoneka, ndipo asayerekeze kuyang'ana holo. Cholinga chinali choti woonera aiwale kuti ali m'holo, adziiwale yekha, alowe m'khungu la munthu wa pa sitejiyo.

Brecht akayang'ana anthu okhala mumdima umenewo, pakamwa yasaa, maso tong'oo, ankaona ngati anthu ogonetsedwa ndi mankhwala. Vuto lake silinali misozi payokha ayi. Vuto linali zimene munthu amatuluka nazo. Ukalowa m'khungu la wovutikayo, umaona dziko ndi maso ake okha, ndipo zonse zimaoneka kuti sizikanachitika mwanjira ina. Umalira, umapepukidwa, n'kumapita kwanu ukunena kuti tingatani, ndi dziko. Mawu amenewa inu mumawadziwa bwino, timawamva pa maliro ngakhale a munthu amene wafa chifukwa ambulansi inalibe mafuta.

Mbadwo wa Brecht unali ndi chifukwa chokayikira kutengeka mtima kwa gulu. Mu 1914 anaona anthu akuimba ndi kuponya maluwa poperekeza anyamata ku nkhondo, ndipo mu 1918 iye mwini anatumikira m'chipatala cha asilikali ku Augsburg. Sewero lake loyamba kuonetsedwa, Trommeln in der Nacht, linatuluka ku Munich mu 1922. Ndi nkhani ya msilikali wobwera ku ukaidi wa nkhondo n'kupeza bwenzi lake latomeredwa ndi munthu amene walemera ndi nkhondoyo. M'holo munapachikidwa zikwangwani zodzudzula oonera kuti asiye kuyang'anitsitsa ngati anthu ogwidwa ndi chikondi. Mwezi wa pa siteji unali nyali yofiira, ndipo kumapeto msilikali uja amaugwetsa, kuti aliyense aone kuti ndi nyali basi. Patapita zaka ziwiri, akukonzekera sewero la mfumu Edward II, anasowa njira yoonetsera asilikali pa nkhondo. Anafunsa mnzake Karl Valentin, wanthabwala wotchuka wa ku Munich, kuti kodi msilikali pa nkhondo amakhala bwanji. Yankho linali loti amakhala ndi mantha, nkhope mbee. Brecht anawapaka asilikali onse choko kumaso. Sanawauze kuti anjenjemere kapena alire, mantha anangowalemba pankhope ngati chikwangwani.

Woonera amene iye ankamufuna anamupeza ku nkhonya ndi ku masewera ena. Taganizirani munthu wa mpira, kaya wa Bullets kaya wa Noma. Amakuwa, mtima umathamanga, koma malamulo amawadziwa, amaona kuti apa wosewera kumbuyo wagona, apa kochi walakwitsa posintha, ndipo saiwala ngakhale pang'ono kuti chigoli chija chikanapewedwa. Magetsi a pabwalo sabisika. Brecht ankati oonera zisudzo akhale otero, mwinanso aziloledwa kusuta fodya m'holo, poti munthu amene watsamira kumpando akusuta ndi wovuta kumunyengerera.

Ku Berlin anakumana ndi Erwin Piscator, amene anali atayamba kale kuphwanya khoma lachinayi ndi makina. Piscator ankaonetsa kanema, zithunzi ndi ziwerengero kumbuyo kwa ochita sewero, kuti mavuto a munthu mmodzi azioneka pamodzi ndi ndale ndi chuma zimene zikuwabala. Mu 1928, pa sewero la msilikali Schwejk, anaika malamba awiri oyenda okha pa siteji, msilikali akuyenda osasuntha, dziko n'kumamudutsa, zojambula za George Grosz zikuoneka kumbuyo. Brecht anali m'gulu lokonza sewero limeneli ndipo anatolapo zambiri. Zisudzo za mtundu uwu anazitcha epic, kutanthauza zofotokoza, zosimba nkhani m'malo monamizira kuti nkhaniyo ikuchitika pompano.

Chaka chomwecho, pa 31 Ogasiti, kunatuluka Die Dreigroschenoper, sewero la mbava, opemphapempha ndi apolisi aziphuphu a ku London, nyimbo zake atapeka Kurt Weill. Oimba anali poonekera. Katani inali yaifupi, yolendewera pa waya, moti unkatha kuona anthu akusuntha katundu kuseri. Ikafika nthawi ya nyimbo magetsi ankasintha, mutu wa nyimboyo n'kuoneka pa chikwangwani, kuti pasakhale kunamizira koti munthu wangoyamba kuimba chifukwa mtima wasefukira. Kumapeto chigawenga Macheath chili pafupi kunyongedwa, mthenga wa mfumukazi n'kutulukira kudzachikhululukira ndi kuchipatsa ulemu, mathero abodza mwadala kuti mudzifunse ngati osauka enieni amapulumuka chonchi. Ndiye mukudziwa chinachitika? Olemera a mu Berlin, omwe sewero linkawanyozawo, anadzaza holo miyezi ndi miyezi, n'kumatuluka akuimba mluzu nyimbo zake. Nyimbo ya chigawenga chija ndi imene pambuyo pake Louis Armstrong ndi Bobby Darin anaitchukitsa ku America. Uku kunali kugonja kwake koyamba, ngakhale kunamupatsa ndalama.

Pa 27 Febuluwale 1933 nyumba ya malamulo ku Berlin inapsa, ndipo m'mawa mwake Brecht ndi mkazi wake Helene Weigel anathawa. Mabuku ake anali m'gulu la amene a Nazi anawaletsa. Apa mpamene nkhani ya kaonetsedwe ka zisudzo inasiya kukhala ya akatswiri okhaokha. Misonkhano ya Hitler ku Nuremberg inali zisudzo zenizeni: usiku, ng'oma, mbendera, nyali zamphamvu zoloza kumwamba zimene anakonza Albert Speer, munthu mmodzi patsogolo akuyamba motsitsa mawu mpaka kufika pokuwa, khamu lonse likumva chimodzimodzi. Kumeneko kunali kulowa m'khungu la wina kofika pamapeto pake. Mu 1941 Brecht analemba sewero la Arturo Ui, mmene Hitler ndi chigawenga cha ku Chicago chofuna kulanda msika wa masamba, ndipo muli gawo lina pamene chigawengacho chimalemba ganyu munthu wokalamba wa zisudzo kuti achiphunzitse kayendedwe, kaimidwe ndi kalankhulidwe ka munthu wamkulu. Ukaona gawo limenelo, ukadzaonanso mtsogoleri atapinda manja pachifuwa pa nsanja, umakumbukira kuti zimenezi amachita kuyeserera pagalasi.

Liwu limene latchuka kwambiri analipeza ali kothawako. Mu 1935 anapita ku Moscow, kumene anaona Mei Lanfang, katswiri wa zisudzo za ku China, mwamuna amene ankasewera magawo a akazi. Anamuona akuonetsa luso lake atavala suti wamba, opanda zodzola. Brecht anaona anthu awiri nthawi imodzi: mkazi woonetsedwayo, ndi mwamuna womuonetsayo, amene ankaoneka kuti akudziyang'anira yekha. Mu 1936 analemba za zimenezi n'kugwiritsa ntchito liwu loti Verfremdungseffekt. Achingerezi amati alienation effect, koma liwu lawolo limasocheretsa, limamveka ngati kuthamangitsa oonera. Tanthauzo lake ndi kutenga chinthu chozolowereka n'kuchisandutsa chachilendo, kuti uchione ngati ukuchiona koyamba n'kufunsa kuti bwanji chili chonchi. Akatswiri ambiri amati ganizoli likugwirizana ndi la Viktor Shklovsky wa ku Russia, amene mu 1917 analemba kuti chizolowezi chimatipha maso ndipo ntchito ya luso ndi kuwatsegulanso. Ndinene pambali kuti pa za ku China Brecht anaona zimene ankafuna kuona. Kwa anthu a ku Beijing, amene anakula ndi zisudzo zimenezo, kayendedwe ka Mei sikanali kachilendo, ndipo ankakhudzidwa nako mtima bwinobwino. Mlendo anamva molakwika, koma kulakwitsako kunabala kanthu.

Chitsanzo chake chosavuta ndi chimene aliyense wa ife anachionapo. Pamphambano pachitika ngozi, anthu aunjikana, ndipo amene anaona akufotokozera amene angofika. Akuonetsa mmene dalaivala anakhotetsera chiwongolero, kenako akusanduka mkulu wogundidwayo, akuonetsa mmene anaponyera phazi mumsewu osayang'ana. Wina akuti iyayi, anali atadutsa kale pakati, iye n'kubwereza pang'onopang'ono. Palibe amene akuganiza kuti wofotokozayo ndi dalaivala. Iyenso sakuyesa kutiliritsa. Akutsanzira zokhazo zimene zikufunika kuti anthu agamule kuti wolakwa ndani, ndani alipire. Brecht anati zisudzo zake zonse zagona pamenepo: wochita sewero ndi mboni, oonera ndi oweruza.

Pokonzekera sewero ankawapatsa anthu ake zochita zodabwitsa. Wochita sewero azinena mawu ake ngati akusimba za munthu wina, ndiponso ngati zinachitika kale. M'malo mongoti sindikupatsa, azinena kuti mayiyo anayang'ana kumbali n'kunena kuti samupatsa. Azitchulanso mokweza malangizo a mlembi, aja oti anaimirira, anatseka chitseko. Pa tsiku loonetsa zimenezi sizinkanenedwa, koma kamtunda kaja pakati pa munthu ndi gawo lake kankatsalira. Ankafunanso kuti pa chilichonse chimene munthu wa m'sewero wachita, oonera aone chimene sanachite: sanabwerere kunyumba koma anapita kumsika, sanakhululuke koma anakasuma. Njira inayo izioneka kuti inalipo. Ndiye panali chimene ankachitcha Gestus, kachitidwe ka thupi kamene kamaulula malo a munthu pakati pa anzake. Osati kukanda mutu chabe, koma mmene wantchito amaimira pamaso pa bwana, mmene wobwereka ndalama amasekera nthabwala yosaseketsa ya womubwereka. Ndipo poyamba pa gawo lililonse pankaoneka mawu onena zimene zichitike, mpaka kuulula kuti mwana afa. Alembi anzanga amene mumabisa mathero ngati ndalama ya m'mpango, apa mudabwa. Iye ankati woonera akadziwa kale chimene chichitike, maso ake amasiya kuthamangira kutsogolo n'kuyamba kuyang'ana mmene chikuchitikira.

Zaka za ku America tizidumphe. Ingodziwani kuti pa 30 Okotobala 1947 anamuitana ku komiti ya nyumba ya malamulo yofufuza achikomyunizimu, anayankha mozemba, ndipo tsiku lotsatira anakwera ndege kubwerera ku Europe.

Pa 11 Januwale 1949, ku Deutsches Theater m'chigawo cha kum'mawa cha Berlin, Mayi Courage anakokanso ngolo yake. Ulendo uno Brecht analipo, akuwongolera pamodzi ndi Erich Engel, ndipo mayiyo anali Helene Weigel. Kunja mzinda unali mabwinja. Oonera ambiri anali atataya ana, amuna, nyumba. Brecht anali atasintha malo angapo. M'gawo loyamba anaonetsetsa kuti Eilif akutengedwa pamene mayi ake atanganidwa kugulitsa chomangira lamba, akuluma ndalama kuti aone ngati ndi yeniyeni. M'gawo lachisanu muli alimi ovulala ofunika nsalu zomangira mabala. Ku Zurich mayiyo ankapereka malaya a m'ngolo, ngakhale monyinyirika. Ku Berlin amakana, amakhala pakhomo pa ngolo kutchinga, mpaka m'busa amunyamula kumuchotsapo n'kutenga malayawo. Siteji inali yowala mbee, yopanda mdima wobisalamo. Dzina la dziko limene nkhani yafika linkalendewera m'mwamba m'zilembo zikuluzikulu. Nyimbo ikamayamba, kuchokera kudenga kunkatsika chizindikiro cha lipenga, ng'oma ndi mbendera. Weigel anali ndi chikwama cha ndalama m'chiuno chimene ankachitseka mwaphokoso akamaliza malonda alionse. Kumapeto, popereka ndalama kwa alimi kuti amuikire Kattrin m'manda, ankatulutsa makobidi, n'kuwayang'ana, n'kubweza limodzi m'chikwama. Mayi woferedwa, koma wa geni mpaka pamanda.

Komabe chimene anthu anachikumbukira kwambiri ndi china. Ng'oma zija zikamveka, kusonyeza kuti Schweizerkas waomberedwa, Weigel ankakhala pansi, n'kuponya mutu chagada, n'kuyasamula pakamwa ponse ngati akukuwa, koma osatulutsa liwu. Akuti anazitenga pa chithunzi cha m'nyuzipepala cha mayi wina ali pambali pa mwana wake wophedwa ndi mabomba ku Singapore. Anthu amene anaona kukuwa kopanda mawuko anakusimba moyo wawo wonse. Ndiye amene amakuuzani kuti Brecht ankadana ndi kukhudza mtima, muwafunse za pakamwa pamenepo. Kwa ine kusiyana kuli apa: Weigel sanakuwe kuti ife tikuwe naye. Anationetsa kukuwa, ife tili chete, tikukumbukira kuti mphindi zochepa zapitazo mayi yemweyu amanenerera mtengo.

Kodi zinatheka? Sewero linatchuka kwambiri, ndipo gulu la Berliner Ensemble linabadwa chaka chomwecho, Weigel ali mtsogoleri. Koma akuluakulu ena a zolembalemba a chipani sanakondwe. Mlembi mnzake Friedrich Wolf anamufunsa chifukwa chake mayiyo satembenuka mtima kumapeto n'kutemberera nkhondo, kuti anthu atolepo phunziro. Brecht anayankha kuti zilibe kanthu ngati mayiyo saphunzira, chofunika n'choti woonera aphunzire pomuyang'ana. Koma patapita zaka iye mwini anavomereza kuti oonera a 1949 sanaone kulakwa kwa Mayi Courage, kudya nawo kwake za nkhondo. Anaona kuvutika kwake kokha. Ndipo umu ndi mmene ankaonera nkhondo ya Hitler imene iwo eni anaitsatira ndi ngolo zawo: inali nkhondo yoipa, ndipo tsopano akuvutika. Munthu anachita zonse zija, zikwangwani, magetsi, chikwama, kobidi lobwezedwa, koma anthu analowabe m'khungu la mayiyo, poti m'menemo munali mofunda kusiyana ndi kudzifunsa.

Sindikufuna mumutenge ngati woyera mtima. Munthu wophunzitsa anthu kufunsayu anakhala m'dziko la chipani chimodzi, limene linamupatsa holo ndi ndalama. Pa 17 Juni 1953 antchito a ku East Berlin ataukira boma, akasinja a Soviet Union n'kuwabalalitsa, iye analembera kalata mtsogoleri Walter Ulbricht, ndipo nyuzipepala inasindikiza chiganizo chokhacho chosonyeza kuti ali kumbali ya chipani. Ndakatulo yake yonyoza boma pa nkhaniyi inakhala m'kabati mpaka atamwalira. M'thumba anali ndi pasipoti ya Austria. Komanso ntchito zambiri zotchedwa zake anazigwira ndi akazi amene maina awo sanamveke mokwanira: Elisabeth Hauptmann, amene anamasulira sewero lakale la John Gay lomwe linabala Die Dreigroschenoper, Margarete Steffin, amene anamwalira ndi chifuwa chachikulu ku Moscow mu 1941 ali pa ulendo wothawa, ndi Ruth Berlau, amene anajambula zithunzi zambirimbiri zimene tikudziwira mmene masewerowa ankaonekera.

Njira zake zinayenda kutali. Ku Nigeria, Wole Soyinka mu 1977 anatenga sewero la mbava lija n'kulisandutsa Opera Wonyosi, lonyoza olemera ndi ndalama za mafuta komanso ufumu wa Bokassa. Ku Brazil, Augusto Boal anati Brecht anaima panjira: woonera wake amaganiza, inde, koma akadali pampando. Boal anafuna kuti woonera aimitse sewero, akwere pa siteji, alowe m'malo mwa woponderezedwayo n'kuyesa njira ina. Maganizo otere ndi ena mwa amene anadyetsa zisudzo za chitukuko kuno kwathu, pamene gulu loyendayenda la ku Chancellor College ku Zomba, m'zaka za m'ma 1980, linkapita kumidzi ndi masewero a m'Chichewa, n'kumatembenukira anthu pakati pa sewero kuwafunsa kuti apa atani. Chris Kamlongera ndi David Kerr analemba za ntchito imeneyi. Chomvetsa chisoni n'choti masiku ano kufunsa kuja nthawi zambiri kumakhala kwa mwambo chabe. Sewero labwera ndi bungwe, yankho lili kale mu lipoti, ndipo anthu a m'mudzi, amene si opusa, amayankha chimene alendo akufuna kumva kuti alandire fanta. Zikwangwani ndi kulankhula ndi oonera zilipo, koma woweruza uja palibe.

Mwina wina anena kuti zonsezi agogo athu ankazichita kale, ndipo pali choonadi pamenepo. Agogo akati padangotelo, ife n'kuti tili tonse, iwo amalankhula ngati Kalulu, kenako ngati Fisi, kenako amaima kukankhira nkhuni pamoto kapena kukalipira mwana amene akusinza, n'kuyambitsa nyimbo tonse n'kuvomera. Sananamizirepo kuti iwo ndi Kalulu, ndipo khoma lachinayi kumeneko silinamangidwepo. Khomalo linabwera ndi holo ya sukulu ndi katani yake. Koma tisathamangire kunena kuti ndi chinthu chimodzi. Nthano zambiri zimathera potsimikiza mwambo, kuti mwana wosamvera anathera m'mimba mwa chilombo. Brecht ankafuna kuti mwambowo ndi umene uoneke wachilendo, ufunsidwe kuti unaikidwa ndi yani ndipo ukudyetsa yani.

Mu Ogasiti 1956 Berliner Ensemble inkakonzekera ulendo wake woyamba wa ku London, itagwedeza kale Paris mu 1954. Brecht anali akudwala. Pa 5 Ogasiti analemba kakalata n'kukapachika pa bolodi la gulu. Mwina mukuganiza kuti anawakumbutsa za Verfremdungseffekt ndi mfundo zake zija. Ayi. Anawauza kuti oonera ambiri kumeneko samva Chijeremani, ndiye adzakhala ngati akuonera kanema wopanda mawu, komanso kuti Angerezi ali ndi mantha akalekale oti luso la ku Germany ndi lolemera ndi lochedwa. Choncho asewere mwachangu, mopepuka, mwamphamvu. Anamwalira pa 14 Ogasiti. Pa 27 Ogasiti katani yaifupi ija inatseguka ku Palace Theatre, Helene Weigel, wamasiye wa masabata awiri, ali pa ngolo, ana ake a m'sewero akuikoka.